Akakhoza lero n'kuiwala mawa: kuthetsa mavuto pophunzitsa algebra kwa ophunzira a ulumali wa ubongo

Dandaulo limene limamveka kawirikawiri kwa aphunzitsi a masamu a kusekondale amene ali ndi ophunzira a ulumali wa ubongo ndi ili: Lachiwiri mwana anakhoza x + 3 = 8 bwinobwino, koma Lachinayi akuyang'ana samu yomweyo ngati sanaionepo. Mphunzitsi amayambiranso phunziro lonse, mwana amakhozanso, sabata yotsatira zinthu zabwerera pomwe zinali. Zikachitika kangapo, ambiri amangogamula kuti algebra si ya ana amenewa, n'kumupatsa mwanayo masamu ophatikiza a kupulayimale kuti azitanganidwa nawo anzake akuphunzira.

Ine chigamulo chimenecho sindigwirizana nacho. Mu 2008, ofufuza za maphunziro Bree Jimenez, Diane Browder ndi Ginevra Courtade, ku United States, anaphunzitsa ophunzira atatu a kusekondale a ulumali wa ubongo kupeza nambala yobisika mu equation (samu ya mbali ziwiri zofanana) yosavuta, ndipo onse atatu anakwanitsa. Anagwiritsa ntchito zinthu zogwirika, anaigawa samuyo m'masitepe ang'onoang'ono, ndipo thandizo analipereka mwadongosolo. Ophunzira atatu si ambiri, koma akukwanira kusonyeza kuti nkhaniyi ndi yotheka. Chimene chimalepheretsa nthawi zambiri n'chakuti timabwereza phunziro lonse pamene chasokonekera ndi sitepe imodzi, ndipo sitepeyo sitinaipeze.

Choncho musanakonze chilichonse, fufuzani. Mupatseni wophunzirayo samu imodzi yokha papepala loyera, khalani pambali pake, ndipo musayankhule. Musaloze, musagwedeze mutu, musatsokomole. Onani pamene pensulo yaima, chimene walemba, ndi kumene maso ake apita. Mphindi ziwiri zimenezo zimakuuzani zambiri kuposa mayeso a masamu 20 ochongedwa ndi cholembera chofiira, chifukwa mayeso amangoonetsa kuti walakwa, saonetsa pamene njira yamuthawira.

Ngati chizindikiro cha = amachimva ngati "lemba yankho"

Yambirani pano, chifukwa vuto ili limabisala kwambiri. Lembani 8 + 4 = □ + 5 ndipo mumuuze kuti aike nambala m'bokosi. Akalemba 7, pitirirani. Akalemba 12, ndiye kuti kwa iye = amatanthauza kuti "yankho likubwera apa". Akalemba 17, waphatikiza nambala zonse zimene waona. Mayankho awiriwa amapezekanso kwa ana ambiri opanda ulumali uliwonse, chifukwa kwa zaka zonse za kupulayimale amaona samu ili kumanzere, yankho kumanja. Mwana amene amamva = mwa njira imeneyi sangamvetse chifukwa chimene timachotsera 3 mbali zonse ziwiri. Kwa iye kulibe mbali ziwiri. Kuli funso ndi malo a yankho.

Chothetsera chake ndi sikelo ya mbale ziwiri, ngakhale yodzipangira nokha ndi kamtengo, chingwe ndi timakapu tiwiri. Ikani zitsekerero za mabotolo 5 mbali iyi, 5 mbali inayo. Muuzeni achotse ziwiri mbali imodzi, aone ikupendama, ndiye mumufunse chimene angachite kuti iwongoke. Musamuuze. Adzachotsa ziwiri mbali inayo kapena kubwezera zimene anachotsa, ndipo njira zonsezi n'zolondola. Papepala, muzilemba masamu m'maonekedwe amene sanawazolowere: 7 = 5 + 2, kenako 6 = 6, kenako 3 + 4 = 2 + 5, ndipo azinena ngati n'zoona kapena zabodza. Powerenga chizindikirocho muzinena kuti "n'chimodzimodzi ndi", nthawi zonse, mpaka nayenso azolowere kutero. Robert Recorde, amene anayambitsa chizindikirochi mu 1557, anasankha timizere tiwiri togona limodzi chifukwa ankaona kuti palibe zinthu ziwiri zofanana kuposa timeneto, ndipo ophunzira ena zimawathandiza mukawalozera kuti timizereto ndi tofananadi kutalika.

Pali chidule chimene aphunzitsi ambiri amachikonda: "nambala ikawoloka, chizindikiro chimasintha." Ndikupemphani kuti kwa ophunzira awa muchisiye. Chimapereka mayankho olondola kwa sabata imodzi kapena ziwiri, koma ndi lamulo lopanda chifukwa chooneka, ndipo lamulo lotere likaiwalika palibe chimene mwana angagwire kuti alikumbuke. Choipa china n'chakuti akafika pa 3x = 12 amawolotsa 3 n'kulemba 12 − 3, ndipo simungamudzudzule, chifukwa watsatira zimene munamuuza. "Chimene wachita mbali iyi, chitanso mbali inayo" ndi lamulo limene analiona ndi maso pa sikelo, ndipo limagwira ntchito pa kuphatikiza, kuchotsera, kuchulukitsa ndi kugawa komwe.

Ngati chilembo chikumusokoneza

Apa zizindikiro zake ndi zingapo. Wina amatenga x ngati chizindikiro cha kuchulukitsa, chifukwa ndi mmene wakhala akumudziwira zaka zonsezi. Wina amaganiza kuti x ndi 5 nthawi zonse popeza dzulo anali 5. Wina mukamuuza kuti x ndi 4, n'kumufunsa kuti 3x ndi zingati, amalemba 34. Ameneyu sanapenekere, watsatira zimene amadziwa: nambala ziwiri zikagundizana zimawerengedwa ngati makumi ndi imodziimodzi.

Musathamangire chilembo. Muhammad al-Khwarizmi, amene analemba buku lotchuka la algebra ku Baghdad cha m'ma 820, analemba masamu ake onse m'mawu, popanda chilembo choimira nambala, ndipo chizolowezi chogwiritsa ntchito x, y ndi z chinafala kuchokera kwa René Descartes mu 1637. Ganizo la nambala yobisika linayamba, zilembo zinabwera pambuyo pake, ndipo m'kalasi muyenera kutsata ndondomeko yomweyo.

Tengani envulopu, ikanimo zitsekerero 5 wophunzira asakuona, imateni. Jambulani mzere pakati pa desiki. Kumanzere ikani envulopuyo ndi zitsekerero 3 pambali pake, kumanja zitsekerero 8.

"Mbali ziwirizi zili ndi zitsekerero zofanana. Muno muli zingati?"

"Nditsegule, aphunzitsi?"

"Ayi, usatsegule. Ndikufuna envulopu itsale yokha mbali yake. Uchotsa chiyani?"

Amachotsa zitatu zija. Dzanja limaima.

"Mbali iyi wachotsa zitatu. Zikufananabe?"

Amayang'ana kumanja, n'kuchotsanso zitatu, n'kuwerenga zotsala ndi chala: 5. Apa ndi pamene mumamulola kutsegula envulopu, ndipo aziwerenge yekha. Kutsegulako n'kofunika kwambiri, chifukwa yankho walitsimikizira ndi manja ake, sanadikire nkhope yanu.

Mukachita zimenezi masiku angapo ndi nambala zosiyanasiyana, lembani chilembo pa envulopu. Yambani ndi n kapena k, zilembo zimene sizifanana ndi chizindikiro chilichonse cha masamu, x abwere pambuyo. Muzisintha chilembo ndiponso kuchuluka kwa zitsekerero tsiku ndi tsiku kuti aone kuti chilembo chilibe nambala yakeyake. Pa 3x, ikani maenvulopu atatu okhala ndi zitsekerero zofanana. 34 uja amatha yekha mwana akaona kuti ndi 4, 4 ndi 4. Ndipo musamaphunzitse kuti b akuimira buku. Akuimira kuchuluka kwa mabuku, ndipo mwana akazolowera kuti chilembo ndi dzina la chinthu, kumuchotsa pamenepo kumavuta.

Ngati amakhoza ndi zitsekerero koma papepala ayi

Nthawi zambiri pali sitepe imene yadumphidwa. Jerome Bruner, katswiri wa za kaphunziridwe, mu 1966, anafotokoza njira zitatu zimene munthu amasungira chimene waphunzira: pochita ndi manja, pa chithunzi, ndi pa zizindikiro. Aphunzitsi ambiri amachita yoyamba mokondwa, n'kulumphira yachitatu. Yapakatiyo ndiye mlatho. Wophunzira ajambule yekha kabokosi m'malo mwa envulopu, timadontho m'malo mwa zitsekerero, mzere pakati, ndipo azikhwatcha timadontho timene akuchotsa. Samu ya zizindikiro muziilemba pansi pa chithunzi chomwecho, mzere uliwonse wa samu moyang'anizana ndi chimene wachita pa chithunzi. Zitsekerero musazibise m'kabati mukafika papepala. Zikhale pa desiki, azitenge akafuna, ndipo mudzaona kuti akuzisiya yekha pang'onopang'ono.

Ngati amayamba bwino n'kusokera pakati

Uyu amadziwa chochita, koma mutu wadzaza. Zinthu zimene munthu angazigwire m'maganizo nthawi imodzi ndi zochepa. Nelson Cowan, wofufuza za kukumbukira, mu 2001, anati ndi pafupifupi zinayi kwa munthu wamkulu, ndipo kwa ophunzira ambiri a ulumali wa ubongo malowa ndi ochepa kuposa pamenepo. Taonani zimene x + 7 = 15 imafuna: kukumbukira cholinga, kusankha kuchotsera, kukumbukira mbali zonse ziwiri, kenako kupeza 15 − 7. Mwana akayamba kuwerenga zala kuti apeze 8, pomaliza waiwala chifukwa chimene amawerengera.

Mupatseni kakyuleta, kapena mzere wa nambala womatidwa pa desiki. Ena amati kumeneko n'kubera. Si kubera: phunziro la lero ndi algebra, ndipo kuchotsera kuli ndi nthawi yake. Ngati mudikira kuti aloweze matebulo onse asanayambe algebra, adzamaliza sukulu asanaiyambe.

Masitepe nawo muwachotse m'mutu muwaike pa khadi, m'mawu ochepa, ndi kachithunzi pambali pa sitepe iliyonse kwa amene kuwerenga kumamuvuta:

1. Werenga samu.
2. Zunguliza chilembo.
3. Loza nambala imene ili mbali ya chilembo.
4. Sankha: kuchotsera kapena kuphatikiza?
5. Chita mbali zonse ziwiri.
6. Lemba yankho.
7. Bwezera yankho m'samu, uone ngati mbali zikufanana.

Azichonga sitepe iliyonse akaimaliza. Khadi limeneli limathandizanso inu, chifukwa m'malo molemba kuti "sakudziwa algebra" mumalemba kuti "amaima pa sitepe 4", ndipo mawa mumadziwa chophunzitsa. Mawu a pa khadi akhale omwewo amene mumanena pakamwa. Mukati lero "chotsera", mawa "sunthira uko", mkuja "fafaniza", kwa iye ndi malamulo atatu osiyana. Chepetsaninso kuyankhula. Ophunzira ambiri amene ali ndi Down syndrome (vuto lobadwa nalo limene limachedwetsa kakulidwe ndi kaphunziridwe) amagwira bwino zimene aona kusiyana ndi zimene amva, ndiye kufotokoza kwautali kumangowonjezera katundu. Tsamba likhale ndi samu imodzi kapena ziwiri, zolembedwa m'zilembo zazikulu.

Ngati amakhoza inu mukakhala pafupi pokha

Pa mavuto onse, ili ndi limene ndimaliona kuti limabala kwambiri dandaulo la "dzulo anakhoza". Nthawi zambiri dzulo sanakhoze yekha. Munali pambali pake, chala chanu chili pafupi ndi 3, mawu anu akukwera pang'ono pa "kuchotsera", nkhope yanu ikumasuka pensulo ikalunjika koyenera. Ana amene akhala akulephera kwa zaka zambiri amaphunzira kuwerenga mphunzitsi mwaluso kwambiri, chifukwa ndi njira imene yakhala ikuwapulumutsa. Chizindikiro chake n'chosavuta kuchiona: akalemba kanthu amayang'ana inu, osati pepala. Palibe chimene waiwala, chifukwa chimene anaphunzira dzulo chinali nkhope yanu, ndipo lero palibe.

Thandizo liyenera kukhala ndi dongosolo, ndipo lizichepa mwadala. Sitepe ikakhala yatsopano, muonetseni nthawi yomweyo asanalakwitse, iye n'kubwereza. Kumusiya apenekere pa chinthu chimene sanachionepo kumangomuzoloweretsa cholakwika. Mukatero kangapo, yambani kudikira masekondi 4 kapena 5 musanathandize. Muwerenge chamumtima, chifukwa masekondi 5 a chete m'kalasi amaoneka aatali ndipo pakamwa pamayabwa. Akapanda kuyamba, perekani thandizo laling'ono kwambiri: "Chotsatira n'chiyani?" Zikakanika, lozani pa khadi. Zikakanikabe, nenani sitepeyo. Pomaliza penipeni ndi pamene mumachita iye akuona, n'kumuuza achite. Musayambire kumapeto.

Ndipo muzilemba. Pa sitepe iliyonse ikani chizindikiro chosonyeza ngati wachita yekha, ngati mwamulozera, kapena ngati mwamuuza. Samu imene yakhozedwa ndi thandizo isawerengedwe ngati yakhozedwa. Zimapweteka pang'ono poyamba, chifukwa mwana amene mumati amakhoza masamu 8 mwa 10 angapezeke kuti payekha amakhoza awiri, koma kuyambira pamenepo kukwera kulikonse kumakhala kwenikweni. Akayamba kuima payekha, sunthani mpando wanu: khalani kumbuyo kwake, kenako patali, kenako samu yomweyo amupatse mphunzitsi wina kapena mnzake wa m'kalasi. Ngati muli ndi wothandizira m'kalasi, kapena kholo limene limamuthandiza ntchito ya kunyumba, muwafotokozere dongosololi, chifukwa munthu mmodzi wachifundo amene amanong'oneza mayankho akhoza kugwetsa ntchito ya mwezi wathunthu.

Akafunsa kuti, "Ndakhoza, aphunzitsi?" musayankhe msanga. Muuzeni kuti, "Ona sitepe 7." Akaika 5 m'malo mwa x n'kupeza kuti 5 + 3 ndi 8, wadziyankha yekha.

Ngati waiwaladi

Kuiwala kwenikweni kuliponso. Hermann Ebbinghaus, wofufuza za kukumbukira, anasonyeza kale mu 1885 kuti chimene munthu waphunzira chimatayika mofulumira kwambiri m'maola ndi masiku oyambirira, ndipo kubwereza kotalikirana kumasunga bwino kuposa kubwereza kambiri tsiku limodzi. Masamu atatu tsiku lililonse poyamba phunziro amaposa masamu 30 Lachisanu. Mutu ukatha musautseke. Uzibweranso patapita sabata, kenako patapita mwezi, makamaka pobwera ku tchuthi.

Samalaninso ndi tsamba la masamu ofanana okhaokha. Mwana akachita x + 2 = 9, x + 4 = 6, x + 1 = 8 motsatizana, amangophunzira kuti "chotsera yaing'ono ku yaikulu" ndipo amakhoza onse osaganiza. Mukamupatsa x − 3 = 8 amalemba 5. Akangodziwa mitundu iwiri, isakanizeni, ndipo nthawi zina chilembo chizikhala kumanja, monga 9 = x + 2. Makhozedwe amatsika masiku oyamba, koma sitepe 4 ija, ya kusankha, imayamba kuphunziridwa nthawi imeneyi.

Masamu a mawu

Musaphunzitse kuti mawu akuti "zonse pamodzi" amatanthauza kuphatikiza nthawi zonse. Taonani iyi: "M'kalasi munali mipando ingapo. Abweretsa ina 6. Yonse pamodzi yakwana 20. Inalipo ingati?" Wosaka mawu amalemba 26. Muwerengereni nkhaniyo, aisewere ndi envulopu ndi zitsekerero, kenako adzaze mabokosi atatu: zimene zinalipo, zimene zasintha, zimene zilipo tsopano. Bokosi lopanda nambala ndiye la chilembo. Nkhanizo zikhale za zinthu zimene amakumana nazo, monga maola otsala kuti ntchito ithe kapena mabuku osowa pa shelefu, ndipo ziganizo zikhale zazifupi.

Ngati akukana, kukwiya kapena kugona pa desiki

Kumbukirani kuti uyu ndi mnyamata kapena mtsikana wa zaka 16 kapena 17, ndipo amadziwa bwino lomwe kuti anzake akumuona. Zidole za mitundumitundu ndi mapepala okhala ndi zithunzi za ana a mkaka zimamuchititsa manyazi, ndipo ena amasankha kuoneka amwano kusiyana ndi kuoneka osadziwa. Gwiritsani ntchito zinthu zosaonetsa ubwana, ndipo phunziro la envulopu muyambe mwalichita ndi kalasi yonse, popeza ambiri mwa anzakewo chizindikiro cha = chimawavutanso. Yambani ndi masamu awiri amene mukudziwa kuti akhoza, yovuta ibwere yachitatu. Poyamikira tchulani chimene wachita, monga "wachotsa mbali zonse ziwiri wekha", chifukwa "wakhoza" yekha samuuza choti abwereze.

Musaiwale thupi. Mavuto a maso ndi makutu ndi ofala kwa ophunzira a Down syndrome, ndipo mwana amene saona bwino amasokoneza + ndi ×, kapena osaona − n'komwe. Ngati wophunzira wataya mwadzidzidzi zinthu zambiri zimene ankazichita yekha, m'maphunziro ena ndi kunja kwa kalasi komwe, kapena akumangoti duu kwa masekondi angapo osamva mukamuitana, imeneyo si nkhani ya kaphunzitsidwe. Kambiranani ndi makolo kuti akaonane ndi dokotala. Khunyu komanso kusintha kwa mankhwala zimatha kuchititsa zimenezi.

Nthawi yopita patsogolo

Musasunthe chifukwa chakuti silabasi yasuntha, komanso musakhale pa x + 3 = 8 chaka chathunthu poopa kuti aiwala. Muyeso wabwino ndi wakuti achite masitepe onse yekha pa masamu 4 mwa 5, masiku atatu osiyana, ndipo limodzi mwa masikuwo likhale ndi munthu wina kapena m'chipinda china. Kenako onjezani chinthu chimodzi chokha: kuchotsera, ndiye kuchulukitsa monga 3x = 12, ndiye masamu a masitepe awiri monga 2x + 1 = 9, amene pa desiki ndi maenvulopu awiri ndi chitsekerero chimodzi. Nambala zochepera ziro zibwere mochedwa, ndipo pamenepo sikelo ndi envulopu sizithandizanso, chifukwa simungaike zitsekerero zochepera ziro mu envulopu. Gwiritsani ntchito mzere wa nambala woimirira, ziro ali pakati, ndipo muuphunzitse paokha kwa masabata angapo musanauphatikize ndi chilembo.